Ana a Eni Amapita ku Ypres, Athu Sanamvepo za Karonga

Mu mzinda wa Ypres, m'dziko la Belgium, muli chipata chachikulu chamiyala chotchedwa Menin Gate. Tsiku lililonse ikamakwana 8 koloko madzulo magalimoto amaimitsidwa, anthu n'kuunjikana pansi pa chipatacho, kenako amuna angapo ovala yunifomu ya ozimitsa moto amaliza malipenga otsanzikana ndi asilikali amene anafa. Mwambowu unayamba mu 1928, ndipo unangodukiza zaka zinayi pamene Ajeremani analanda mzindawu pa nkhondo yachiwiri. Kugwe mvula, kuzizire chotani, malipenga amalira. Pa makoma a chipatacho analembapo mayina oposa 54,000 a asilikali a Britain ndi a mayiko omwe anali pansi pa ufumu wake, amene anathera m'matope a dera limenelo pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, mitembo yawo osapezeka. M'khamu la anthu oima pamenepo simulephera kukhala ana a sukulu, ndipo kawirikawiri awiri kapena atatu a iwo ndi amene amanyamula nkhata ya maluwa kukaika m'malo mwa sukulu yawo.

Anawa amanyamuka kwawo pa basi, kuwoloka nyanja, ndipo masiku awiri kapena atatu amakhala akuyenda m'manda. Amafika ku Tyne Cot, komwe kuli manda pafupifupi 12,000, ndipo oposa 8,000 mwa mandawo alibe dzina chifukwa ogonamo sanazindikirike. Amatsikira ku France, kudera la mtsinje wa Somme, komwe pa 1 Julayi 1916, tsiku limodzi lokha, asilikali a Britain 19,240 anafa. Kumeneko chipilala cha Thiepval chasenza mayina oposa 72,000. Koma mphunzitsi wodziwa ntchito yake amadziwa kuti nambala siikhudza mtima wa mwana. N'chifukwa chake magulu ambiri amaima pa manda ang'onoang'ono a Essex Farm, pa mwala wa mnyamata wina dzina lake Valentine Joe Strudwick, yemwe anafa mu Januwale 1916 ali ndi zaka 15. Zakazo zinalembedwa pamwala pomwepo. Patsinde pake pamadzaza timitanda tamatabwa, maluwa ofiira apepala ndi timakalata tolembedwa ndi manja a ana. Amene aima pamenepo ndi amsinkhu wake, ena ndi aakulu kumuposa. Phokoso lonse la m'basi limathera pa mwala umenewo.

Msilikali womaliza wa Britain amene anamenya nkhondo m'maenje a ku Belgium, Harry Patch, anamwalira mu 2009 ali ndi zaka 111. Mboni zitatha, boma la dzikolo silinasiye nkhaniyi m'mabuku mokha. Kuyambira mu 2014 mpaka 2019 linaika mapaundi 5.3 miliyoni kuti sekondale iliyonse ya boma ku England ithe kutumiza ana awiri ndi mphunzitsi mmodzi ku malo ankhondowa popanda kulipira. Chimene ndimachikonda pa ndondomeko imeneyi ndi ntchito imene anawo ankapatsidwa. Ankalimbikitsidwa kufufuza msilikali wochokera m'dera lawo, kuti akafika kumeneko akafunefune dzina lake pa mwala. Akabwerako, aliyense ankayembekezeka kufotokozera anthu 110 a kwawo zimene waona. Ulendo wa ana awiri unkafikira tawuni yonse.

Si Angerezi okha. Ku Netherlands, pa manda a Oosterbeek pafupi ndi Arnhem, ana a sukulu amaika maluwa pa manda a asilikali achilendo mwezi wa Sepitembala chaka chilichonse, ndipo akhala akuchita zimenezi kuyambira mu 1945. Ku Margraten, m'dziko lomwelo, kuli manda a asilikali a ku America oposa 8,000, ndipo manda aliwonse ali ndi banja la kumeneko limene linawatenga ngati a mbale wawo, kumawayendera ndi kuikapo maluwa. Ajeremani, omwe mbiri yawo ya nkhondo siiwapatsa chonyadira, anasankha njira ina: kuyambira mu 1953 bungwe lawo losamalira manda a nkhondo limasonkhanitsa achinyamata a mayiko omwe ankadana kuti akalambule ndi kutsuka manda limodzi.

Maulendowa amayendera limodzi ndi thumba la ndalama. Duwa lofiira la popi limamera lokha m'nthaka yogumulidwa, ndipo linadzaza minda ya ku Flanders pamene mabomba anaitembenuza. Dokotala wa asilikali wa ku Canada, John McCrae, analilembera ndakatulo mu 1915, ndipo amayi awiri, Moina Michael wa ku America ndi Anna Guérin wa ku France, ndi amene analimbikira kuti likhale chizindikiro chogulitsidwa pothandiza ovulala. Bungwe la British Legion, lomwe linakhazikitsidwa mu 1921, linagulitsa maluwa mamiliyoni asanu ndi anayi chaka choyambacho n'kupeza mapaundi oposa 100,000. Chaka chotsatira Major George Howson anatsegula fakitale yopanga maluwawa, n'kulembamo ntchito asilikali olumala, kuti munthu wopanda mkono kapena mwendo azidya thukuta lake. Lero ndalama zotoleredwa mwezi wa Novembala zimafika mapaundi mamiliyoni makumi angapo pa chaka. Amene amaima pa khomo la sitolo ndi kachitini kotolera ndalama ndi anthu wamba ongodzipereka, ndipo m'masukulu ambiri ana eni ake ndi amene amayenda ndi bokosi la maluwa kalasi ndi kalasi. Mwana amene anawerenga dzina pa mwala ali ndi zaka 14 savuta kupisa m'thumba ali ndi zaka 40.

Kwathu kuno duwa la popi tili nalo. Novembala akamayandikira mtsogoleri wa dziko amagula duwa loyamba, atolankhani n'kujambula, ndipo owerenga nkhani pa kanema amalibaya pachifuwa. Kale tinkamva dzina la CELOM, masiku ano timamva la VELOM, mabungwe oyang'anira asilikali akale. Lamulungu lachiwiri la mweziwo kumakhala mwambo ku Zomba, ku Lilongwe pa chipilala cha ku Area 18, ndi ku Mzuzu. Ikakwana 11 koloko mzinga umalira, anthu amakhala chete mphindi ziwiri, akuluakulu a boma, akazembe ndi akuluakulu a asilikali amaika nkhata za maluwa motsatana maudindo. Chapambali pamakhala madoda ochepa okalamba, ena pa njinga za olumala, mamendulo atawapachika pa majekete ofwifwa, dzanja likunjenjemera pochita sawasha. Mwambowo ndi waulemu ndipo sindikuunyoza. Koma ndi mwambo wa boma. Ukatha, mahema amaphwasulidwa, ndipo mwana wa ku Chinamwali kapena ku Matawale, amene akhoza kufika pa chipilala cha asilikali a Keyala cha ku Zomba wapansi, amakula osadziwa chifukwa chake nsanja yanjerwa ija inamangidwa.

Chonsecho nkhondo imeneyo sinali yakutali kwa ife. Inamenyedwa pa nyanja yathu ndi pa dothi lathu. Pa 13 Ogasiti 1914 sitima ya Guendolen, motsogozedwa ndi Captain Rhoades, inawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann pa doko la Sphinxhaven, komwe lero kumatchedwa Liuli, tsidya la Tanzania. Mfuti ya Guendolen ili ku Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi, pamene anthu amadutsa tsiku ndi tsiku popita pa mlatho wa Shire. Pa 9 Sepitembala chaka chomwecho Ajeremani anathira nkhondo Karonga, ndipo anthu anafa mbali zonse ziwiri, ambiri a iwo Aafirika. Makolo athu ankaitcha nkhondo ya Chiwaya. Amuna pafupifupi 19,000 a Nyasaland analowa usilikali, koma amtengatenga anali pafupifupi 200,000, m'dziko limene anthu ake onse ankangopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Ambiri sanapite mwa kufuna kwawo. Ankagwidwa usiku m'midzi, mafumu atapanikizidwa kuti apereke anthu. Ankasenza pamutu katundu wolemera makilogalamu oposa 20, chakudya, zipolopolo ndi mahema, kutsatira magulu ankhondo amene ankathamangitsana ndi General von Lettow-Vorbeck m'tchire la Tanganyika ndi Mozambique, mpaka iye anadzipereka ku Abercorn, yomwe lero ndi Mbala ku Zambia, pa 25 Novembala 1918. Njala, kamwazi, malungo ndi chibayo zinapha ambiri kuposa zipolopolo. Kumbali ya Britain kokha, amtengatenga pafupifupi 95,000 a kum'mawa ndi pakati pa Africa anafa. Wogwa panjira ankasiyidwa pomwepo, katundu wake n'kupatsidwa wina.

John Chilembwe anaziona zikuyamba. Mu Novembala 1914 analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times yodandaula kuti anthu osauka akutengedwa kukafera nkhondo imene si yawo, kusiya akazi amasiye ndi ana amasiye opanda wowathandiza. Boma linaitsekereza kalatayo. Pa 23 Januwale 1915 iye anaukira, ndipo pa 3 Febuluwale anaphedwa. Timamukumbukira pa 15 Januwale, nkhope yake ili pa ndalama, koma ndi ana angati amene amadziwa kuti chimodzi mwa zimene zinamupweteka mtima ndi nkhani ya asilikali ndi amtengatenga? Pa nkhondo yachiwiri anyamata athu a Keyala anafika ku Somaliland, ku Abyssinia, ku Madagascar ndi ku Burma, komwe mu 1944 anadutsa m'chigwa cha Kabaw nthawi ya mvula yosakata. M'zaka za m'ma 1950 ena anatumizidwanso ku Malaya. Mwana wa Fomu 4 wotenga phunziro la mbiri angakuuzeni mosadodoma kuti Franz Ferdinand anawomberedwa ku Sarajevo pa 28 Juni 1914, poti zimabwera pa mayeso. Mufunseni za Karonga, akuuzani za mpunga wa Kilombero ndi mafupa a chinyama chakale cha Malawisaurus.

Sindikuvomereza zoti ndife anthu oiwala akufa. Pa nkhani ya maliro, Angerezi ndi amene angaphunzire kwa ife. Mudzi wonse umasiya makasu, amayi amagona m'nyumba ya siwa, amuna amachezera pa moto, adzukulu amakumba manda osalipidwa, mbale ya chipepeso imayenda ndipo mlembi amalemba aliyense amene waponyamo, ngakhale wa ndalama yochepetsetsa. Pakapita nthawi pamakhala sadaka kapena mowa wa chikumbutso, ena amamanga chiliza n'kuitana abale ochokera ku Joni ndi ku Harare kudzachiona. Mwana akabadwa amapatsidwa dzina la agogo amene anatisiya. Maliro n'kulirana, ndipo timalirana ndithu. Koma mwambo wonsewu umatsamira pa zinthu ziwiri: mtembo umene tauona ndi manda amene tikuwadziwa. Mtengatenga amene anagwa m'tchire la Mahenge ku Tanganyika analibe mtembo wobwera kumudzi, analibe manda, ndipo kawirikawiri panalibe ndi kalata yomwe yonena kuti wafa. Abale ankangodikira mpaka kutopa. Mwambo wa kumudzi sunathe kumufikira, mwambo wa boma la atsamunda sunamufune.

Palinso china chimene chimatisiyanitsa ndi anzathu a ku Ulaya, ndipo mphunzitsi wokonza ulendo ayenera kuchidziwa. Kwa iwo manda ndi malo otchetcha bwino, a maluwa ndi mabenchi, oti munthu angakhale n'kumawerenga buku. Kwathu kumanda ndi kumsitu, sikupitidwa wamba. Umapitako ndi chilolezo cha mfumu, pagulu, pa maliro kapena tsiku lolambula. Kumadera a Achewa n'kumenenso kuli dambwe. Ana amaletsedwa, ndipo munthu wopezeka kumanda yekha amamuganizira zoipa. Kholo likamva kuti sukulu ikufuna ndalama ya basi kuti ana akaone manda, lifunsa mafunso, ndipo silikulakwa. Choncho ulendo wathu sungakhale wongokopera wa ku Tyne Cot. Uyenera kudzera kwa makolo, kwa mafumu ndi kwa atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, ndipo uyenera kutsamira kwambiri pa zipilala, nyumba zosungiramo zakale ndi anthu amoyo.

Ndipotu chikumbutso cha nkhondo tili nacho kale, kungoti tinachisunga m'miyendo. Taonani malipenga a ku Nkhata Bay, Likoma ndi Karonga: amuna mumizere yowongoka, makabudula ndi malaya oyera ositidwa bwino, masokosi ofika m'mawondo, zikho zoomba m'malo mwa malipenga achitsulo, ng'oma yaikulu yonga ya bandi ya asilikali, maudindo a kingi, kapitawo ndi dokotala woyendera mizere. Beni wa ku Mangochi ndi Machinga, mganda wa ku Dowa, Ntchisi ndi Kasungu, onsewa anatengera perete wa asilikali ndipo anafala kwambiri anthu atabwerako ku nkhondo ya Chiwaya. Ana amavina magulewa pa mipikisano ya sukulu. Chimene chikusowa ndi munthu woti awauze kuti phazi limene akuponda linachokera kuti, ndipo amene analibweretsa anasiya anzawo angati m'njira.

Posirira za Angerezi tisaiwale kuti iwo omwewo ndi amene anasiya akufa athu opanda mayina. Bungwe losamalira manda a nkhondo, lomwe lero limatchedwa Commonwealth War Graves Commission, linakhazikitsidwa mu 1917 pa mfundo yoti wakufa aliyense akumbukiridwe ndi dzina lake, mosayang'ana udindo, mtundu kapena chipembedzo. Ku Ulaya mfundoyi inatsatidwa. Ku Africa akuluakulu a atsamunda ankati munthu wakuda sangamvetse tanthauzo la mwala wa pamanda, ndipo m'malo mwake anaimika zifanizo za msilikali wopanda dzina ku Nairobi, Mombasa ndi Dar es Salaam. Mu 2021 kafukufuku wa bungwe lomwelo anapeza kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso kufika 350,000, ambiri a iwo a kum'mawa kwa Africa ndi Egypt, sanalembedwe mayina kapena sanakumbukiridwe n'komwe. Nduna ya zachitetezo ya nthawiyo, Ben Wallace, inapepesa m'nyumba ya malamulo. Mu Januwale 2025 ku Cape Town kunatsegulidwa malo okumbukira antchito akuda oposa 1,700 a ku South Africa amene anafa pa nkhondo yoyamba, aliyense ndi mtengo wake wolembedwa dzina. Zatheka patapita zaka zoposa 100. Mwana wa ku Manchester amakafuna dzina limene linalembedwa kale pa mwala. Wathu ayenera kuyamba ndi kulifufuza dzinalo, chifukwa palibe amene analilemba.

Amoyo nawo sanachitiridwe chilungamo. Zikalata za boma la Britain zimene atolankhani anaziulula mu 2019 zinaonetsa kuti nkhondo yachiwiri itatha, msilikali wamba wachizungu ankalandira ndalama yothokoza ya masheleni 10 pa mwezi uliwonse umene anagwira ntchito, pamene Mwafirika wa udindo womwewo ankalandira masheleni atatu ndi theka. Chipolopolo cha Mjapani sichinkasankha khungu, koma buku la malipiro linkasankha. Ambiri anabwerera kumudzi ndi mendulo, jasi ndi bulangeti, n'kuyambiranso kulima ndi kukhoma msonkho. Mu 2018 boma la Britain linalonjeza mapaundi pafupifupi 12 miliyoni, kudzera ku bungwe la Royal Commonwealth Ex-Services League, kuti asilikali akale ndi akazi amasiye oposa 7,000 m'mayiko osauka azipeza chakudya kawiri pa tsiku. Thandizolo linali lofunika ndipo linapulumutsa anthu. Komabe taganizani: munthu amene anamenya nkhondo ku Burma anafika zaka 90 asanatsimikizike za nsima ya masana ndi ya madzulo.

Apa ndi pamene ndimasiyana maganizo ndi amene amaona ngati mabungwe achifundo ndiwo yankho. Ngakhale ku Britain komweko, bungwe la Help for Heroes linabadwa mu 2007 chifukwa anthu wamba anaona kuti anyamata obwera ovulala kuchokera ku Iraq ndi Afghanistan sakupeza zonse zofunika kuti achire. Anthu anapereka mowolowa manja, koma ambiri anafunsanso kuti boma limene linawatumiza lili kuti. Funsolo ndi loyenera kulikonse. Boma likatuma munthu kukaika moyo wake pachiswe, penshoni yake, mankhwala ake ndi sukulu ya ana ake akafa ndi ngongole, ndipo ngongole siibwezedwa ndi mbale yopemphetsa. Ntchito ya bungwe lachifundo ndi kufika pamene boma silingafike: kucheza ndi nkhalamba yosungulumwa, kufolera nyumba yodontha, kuthandiza mayi wamasiye kulemba makalata otsatira ndalama za mwamuna wake ku likulu, kukumbutsa boma likagona. Mbali ya boma nayo ili ndi dzenje lake. Ku Zimbabwe mu 1997 boma, litapanikizidwa ndi omenyera ufulu, linapereka madola 50,000 a dzikolo kwa aliyense popanda kuziika mu bajeti, ndipo pa 14 Novembala chaka chomwecho ndalama ya dzikolo inagwa koopsa. Zaka zotsatira dzina la asilikali akale linasanduka chida cha ndale. Asilikali akale akakhala a chipani, theka la dziko limaleka kuwaona ngati makolo ake. Mwayi wathu ndi woti mpaka pano madoda athu a Keyala si a chipani chilichonse, ndipo tiyenera kuusamala mwayi umenewu.

Kwathu penshoni yeniyeni ya msilikali wakale yakhala ili banja lake: mwana wamkazi amene amamuphikira, mdzukulu amene amamutengera kuchipatala pa kabaza, amayi a mvano kapena a dawa amene amabwera ndi ufa ndi sopo. Ku Zomba, pafupi ndi Cobbe Barracks, kuli nyumba zosungirako asilikali okalamba, koma ndi ochepa amene anakhalamo poyerekeza ndi amene anakalambira kumidzi. Njira yathuyi ili ndi ubwino umene nyumba yotchuka ya Royal Hospital Chelsea ku London, yomwe inakhazikitsidwa mu 1682, singapereke: nkhalamba imafera pakati pa ake, ikumva chilankhulo chake, ana akusewera pabwalo. Kuipa kwake n'koti mtolo wonse umagwera banja limene nalonso likuvutika, ndipo amene alibe ana amatha ngati sanakhaleko. Kuika nkhata zamtengo wapatali pa chipilala pamene munthu wotere wagona ndi njala kuli ngati kumanga chiliza cha matailosi mkazi wa malemuyo akugona m'nyumba yopanda chitseko.

Tisaganizenso kuti nkhani ya asilikali akale idzatha akadzatha a ku Burma. Alipo amene analondera njanji ya Nacala nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo lero ndi azibambo a imvi m'makwalala mwathu. Alipo amene akhala akupita kukasungitsa mtendere ku Democratic Republic of Congo. Mu Novembala 2018 asilikali athu asanu ndi mmodzi anaphedwa kudera la Beni. Mmodzi wa iwo, Private Chancy Chitete, anafa atakokera pamalo otetezeka mnzake wa ku Tanzania amene anavulala, ndipo mu Meyi 2019 bungwe la United Nations linamupatsa mendulo ya Captain Mbaye Diagne, ulemu wake waukulu kwambiri wa kulimba mtima pa ntchito yosungitsa mtendere. Mnzake uja anapulumuka. Dziko lina likanamutchulira msewu ndi sukulu, ndipo ana akanamudziwa asanafike Sitandade 8. Anyamata amenewa anasiya akazi ndi ana aang'ono, ndipo ena amene anabwerako amoyo amadzidzimuka usiku ndi zimene anaona, koma sanena poti mwamuna salira.

Masukulu athu amayenda kale. Makolo amasonkha, basi imabwera, ana amapita kunyanja ku Salima, kukaona njovu ku Liwonde, kukaona nyumba ya malamulo ndi manda a Kamuzu, kapena malo opangira magetsi ku Nkula. Palibe cholakwika pamenepo. Chimene ndikunena n'choti basi yomweyo ikhoza kuima ola limodzi pamalo ena. Opita ku Mangochi aime pa mfuti ya Guendolen ndi kulowa m'nyumba yosungiramo zakale za panyanja imene ili pafupi pomwepo. Opita kukaona Malawisaurus ku Karonga afunse kumene nkhondo ya 1914 inamenyedwera. A ku Blantyre, Chiradzulu ndi Thyolo ali ndi Mbombwe, kwa Chilembwe, pakhomo, ndipo Zomba sili kutali. A ku Nkhata Bay ali ndi malo amene anthu anawomberedwa pa 3 Malichi 1959, poti okumbukiridwa si ovala yunifomu okha. A ku Lilongwe amadutsa pa Area 18 tsiku lililonse. Sitifunika mapaundi 5.3 miliyoni kapena sitima yowoloka nyanja. Malo athu ankhondo ali m'mbali mwa msewu wa M1 ndi M3.

Koma ulendo wofunika kwambiri sufuna ndi basi yomwe. Mphunzitsi atume ana kwa agogo awo ndi kwa nyakwawa ndi mafunso ochepa: m'banja muno kapena m'mudzi muno, ndani anapita ku Keyala, ndani anatengedwa umtengatenga, anabwerako kapena ayi, mendulo yake ili kuti? Mayinawo alembedwe m'kope limodzi losungidwa ku ofesi ya mphunzitsi wamkulu, mwezi wa Novembala awerengedwe pa asembule mmodzimmodzi, pamaso pa makolo ndi mafumu, malipenga kapena mganda n'kuvinidwa pambuyo pake. Katswiri wa mbiri Melvin Page anachita ntchito yotereyi m'zaka za m'ma 1970, mothandizidwa ndi ophunzira a ku Chancellor College, pamene anayenda m'midzi kucheza ndi nkhalamba za nkhondo ya Chiwaya zisanathe, ndipo zambiri zimene tikudziwa lero zinapulumuka chifukwa cha ntchito imeneyo. Ngati m'deramo muli msilikali wakale wamoyo kapena mkazi wake wamasiye, ana apiteko ndi mphunzitsi, atanyamula nkhuni, ufa kapena sopo wosonkha okha, akhale pansi amve. Asapite ngati opereka thandizo kwa wosauka, kukajambulitsa zithunzi za pa Facebook. Apite monga mmene mwana amapitira kwa agogo ake. Ndipo bungwe logulitsa popi, ngati likufuna kuti ana ndi makolo awo azigula ndi mtima wonse, lizilengeza poyera chaka chilichonse ndalama zimene zapezeka ndi amene zawafikira.

Wina anganene kuti maulendo otere amakometsera nkhondo m'maso mwa ana. Nkhawayi ku Britain iliko kuyambira kale, moti mu 1933 amayi ena anayambitsa popi woyera wa mtendere. Kwa ife ndikuona kuti chiopsezocho n'chochepa, malinga tinene zoona zonse. Mbiri ya mtengatenga ilibe chokometsera. Mwana akamva kuti agogo a agogo ake anamangidwa chingwe usiku n'kukafera nkhondo ya mafumu a ku Ulaya, sangasirire mfuti. Adzafunsa kuti ndani analamula, ndani anapindula, ndipo ndani analipira. Dziko limene lakhala likutumiza ana ake ku Congo likufunika nzika zofunsa mafunso amenewo.

Inu aphunzitsi aakulu, a makomiti a sukulu ndi aphunzitsi a mbiri, musadikire kalata yochokera ku unduna. Teremu ino, Novembala asanafike, sankhani kalasi imodzi, igulireni kope limodzi, ndipo mufunse kwa mfumu ngati m'dera lanu mwatsala msilikali wa Keyala. Mnyamata amene anapita ku Burma mu 1944 ali ndi zaka 18 anabadwa mu 1926. Ngati alipo, pitani mwezi uno.